Boti la machubu pa Kafue: zofunika kusintha lisanalowe m'madzi a ku Copperbelt

Pa 18 Febuluwale 2025, khoma la damu losungira zinyalala za kampani ya migodi ya Sino-Metals Leach Zambia linagumuka ku Chambishi. Madzi a asidi okwana malita pafupifupi 50 miliyoni, malinga ndi chiwerengero chomwe chinalengezedwa koyamba, anakhuthukira mu mtsinje wa Mwambashi n'kutsetsereka mpaka mu Kafue. Nsomba zinayandama chagada, mbewu za m'madimba zinapserera, ndipo mipopi ya mu mzinda wa Kitwe inauma chifukwa kampani ya madzi ya Nkana inayamba yasiya kupopa. Boma linatumiza ndege za asilikali kuti zikathire laimu m'madzi pofuna kupha mphamvu ya asidiyo. Pamtsinje penipenipo, ntchito yomweyo inkagwiridwa ndi maboti a injini, amene ankakwera ndi kutsika akumwaza laimu.

Anthu ambiri akamva za Copperbelt, kapena kuti ku Kopala monga eni ake amakutchulira, amaganiza za mkuwa, malole aataliatali ndi milu ya dothi la m'migodi. Za maboti amaziganizira ku Kariba, ku Mpulungu kapena ku Samfya. Koma sabata imene ija inaonetsa kuti Kitwe ndi Ndola nayonso ndi mizinda ya pamadzi, ndipo tsiku la tsoka likafika, boti loti lingaponyedwe m'madzi msanga limafunika kwambiri.

Boti lomwe limasiririka pa ntchito zotere ndi lija lokhala ndi chigoba cholimba pansi, machubu a mpweya m'mbali monse. Ogulitsa amalitchula RIB, pomwe ku South Africa, komwe ambiri mwa mabotiwa amachokera, amangoti rubber duck. Vuto lake n'lakuti linapangidwira nyanja yamchere: mafunde akuluakulu, madzi akuya, kamphepo kozizira ka m'mbali mwa nyanja. Likafika ku Copperbelt limapeza zosiyana kotheratu. Kuno n'kumtunda, dzuwa la Okutobala n'loswa mtengo, pansi pa madzi pali zitsa ndi miyala, pamwamba pali udzu ndi maukonde. Wogula akangolitsitsa pa lole n'kuyamba kuliveka nyali zokongola ndi zokuzira mawu, ndiye kuti wayambira kumchira. Chofunika ndi kulikonzanso molingana ndi madzi omwe lizigwiramo ntchito.

Madzi a ku Kopala

Kafue ndi mtsinje wa makilomita pafupifupi 1,600, ndipo wonse uli m'dziko la Zambia. Umayambira kufupi ndi malire a dziko la Democratic Republic of Congo, n'kudutsa cha ku Chililabombwe ndi Chingola, kenako n'kulambalala Kitwe chakum'mawa. Madera monga Riverside, komwe kuli sukulu ya ukachenjede ya Copperbelt, komanso Bulangililo ndi Ipusukilo, ali kufupi ndi gombe lake. Mlatho wa Mufuchani usanamangidwe, alimi a minda ya kutsidya ankawoloka pa pontuni ndi pa mabwato. Ukachoka pamenepo mtsinjewu umalowera ku Mpongwe, kudutsa m'mbali mwa dambo la Lukanga, ku Itezhi-Tezhi, mpaka kukathira mu Zambezi kufupi ndi Chirundu.

Ndola amamwa madzi a Kafubu, mtsinje waung'ono womwe umadutsa mumzindamo kuchokera ku madambo a Itawa. Kumeneko kuli kalabu yakale ya okonda maboti, ndipo kumunsi kwake kuli damu la Kafubu. Anthu a ku Kitwe ali ndi damu la Mindolo, a ku Luanshya ali ndi la Makoma. Madamu awiriwa anatchuka m'nthawi yomwe makampani a migodi ankasamala zosangalatsa za antchito awo, ndipo mpaka lero mabanja amapitako kumapeto a sabata kukawedza ndi kukapitidwa mphepo. Chakumwera, m'boma la Mpongwe, kuli nyanja yaing'ono ya Kashiba, yozama modabwitsa ngakhale m'mphepete momwe.

Madzi onsewa ali ndi khalidwe lofanana pa mfundo zingapo. Mafunde ake ndi aang'ono. Malo otsitsira boti okonzedwa ndi simenti ndi ochepa, kotero nthawi zambiri boti limalowera pa gombe la matope. M'chilimwe Kafue amaphwa mpaka miyala kuonekera, pomwe m'dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, amasefukira, kufiira ndi matope, n'kumakokolola mitengo yathunthu. Boti la mamita 4 mpaka 5 ndi theka limakwanira bwino pa madzi otere. Lalikulu kuposa pamenepo limavuta kutembenuza m'makhwawa, ndipo likatitimira pamchenga anthu awiri sangalikankhe.

Linabadwira pa sukulu

Mbiri ya botili inayambira pa sukulu ya Atlantic College, yomwe inatsegulidwa mu 1962 m'nyumba yakale ya St Donat's kummwera kwa Wales. Mphunzitsi wamkulu woyamba, Desmond Hoare, anali mkulu wa asilikali a pamadzi wopuma pantchito, ndipo ankaphunzitsa ana a sukulu ntchito yopulumutsa anthu m'nyanja. Maboti omwe ankagwiritsa ntchito anali opopa mpweya okhaokha, pansi pake pali nsalu ya labala. Gombe la Bristol Channel ndi la miyala, choncho nsaluyo inkang'ambika pafupipafupi. Cha m'ma 1964 iwo anayesa kumata thabwa pansi pa machubu, kenako anayamba kuliumba thabwalo kuti likhale ndi msana wong'amba madzi. Mapeto ake bungwe lopulumutsa anthu panyanja la RNLI linatenga nzeruyi, ndipo boti lake la Atlantic 21 linayamba ntchito mu 1972. Hoare anagulitsa umwini wa lusoli ku bungwelo pa mtengo wa paundi imodzi yokha, ndipo cheke chake sanakachisinthe n'komwe.

Mbiriyi ikutiuza chomwe botili linapangidwira. Chigoba cholimba, chomwe masiku ano chimakhala cha fibreglass kapena aluminiyamu, chimalipatsa liwiro ndi mphamvu yogunda pansi osang'ambika. Machubu amalipatsa bata: anthu atatu akhoza kuunjikana mbali imodzi akukoka munthu m'madzi, boti osagudubuzika. Machubuwo amagawidwa zipinda zitatu, zisanu kapena kuposerapo, chilichonse ndi valavu yake, kotero chimodzi chikaphulika zinazo zimagwirabe. Ngakhale madzi atadzaza m'kati, botilo limayandamabe. Anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje amene anaona ntchito yopulumutsa anthu pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 akudziwa kufunika kwa chombo chomwe chimafika pafupi ndi denga kapena mtengo popanda kuvulaza amene akupulumutsidwayo.

Yambani ndi machubu

Funso loyamba kwa wogula, makamaka wogula boti logwiritsidwapo kale ntchito, ndi lakuti machubu ake ndi a nsalu yanji. Mitundu ikuluikulu ilipo iwiri: PVC ndi Hypalon. PVC ndi yotsika mtengo komanso yopepuka, koma dzuwa limaikalambitsa msanga. Imayamba kunyata m'manja, kenako kuuma ndi kusweka. Hypalon imapirira dzuwa, mafuta ndi mankhwala, ndipo ikasamalidwa imatha zaka zambiri, koma mtengo wake ndi wokwera. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Nsalu ya PVC imakhala ndi mtundu umodzi mbali zonse ziwiri, pomwe ya Hypalon m'kati mwake mumakhala modera kapena motuwa. Mukapala pang'ono ndi sandipepa pamalo obisika, Hypalon imatulutsa fumbi n'kutaya kuwala, PVC imangokandika.

Kudziwa zimenezi n'kofunika chifukwa guluu wa nsalu ziwirizi ndi wosiyana. Chigamba chomatidwa ndi guluu wolakwika chimaoneka bwino m'shedi, koma chimakamatuka pakati pa damu. Ndipo pafupifupi chilichonse chowonjezera pa machubu, kaya ndi zogwirira, mphete zomangirapo zingwe kapena lamba wa labala woteteza m'mbali, chimachita kumatidwa.

Ntchito yomatayi ndi yofuna kudekha. Mmisiri amayamba wapaka madzi a sopo pa chubu chopopa, n'kumayang'ana pomwe thovu likufufuma. Akapapeza amalembapo chizindikiro, n'kuphwetsa chubucho. Amadula chigamba chopitirira bowolo ndi masentimita 5 mbali zonse, ngodya zake n'kuzizunguliza kuti zisamakodwe. Amapala mbali zonse ziwiri, kupukuta ndi mankhwala osungunula mafuta, kenako n'kusakaniza guluu ndi mankhwala ake oumitsira. Amapaka kopyapyala koyamba n'kudikira kuti kuume, n'kupakanso kachiwiri. Guluuyo akafika pongonyata pang'ono osamatirira ku chala, amagwirizanitsa ziwirizo kamodzi n'kamodzi, chifukwa zikakhudzana sizisunthikanso. Akatero amatsindira ndi kachitsulo kosalala kuchokera pakati kupita m'mphepete kuti mpweya wonse utuluke. Chubucho sachipopa mpaka tsiku lathunthu litadutsa, ndipo ochenjera amadikira masiku awiri kapena atatu.

Mdani wamkulu wa guluuyu ndi chinyezi. Ku Copperbelt mvula imagwa yambiri kuposa ku Lusaka, ndipo mu Januwale mpweya umakhala wonyowa ngakhale m'nyumba. Guluu wopakidwa nthawi imeneyo amachita nkhungu yoyera pamwamba, ndipo sagwira. Nyengo yomata ndi kuyambira Meyi mpaka Seputembala, pamthunzi, pamalo opanda fumbi.

Palinso nkhani ya mpweya. Machubu a maboti ambiri amafuna mpweya wochepa kwambiri, pafupifupi 0.2 mpaka 0.25 bar, pomwe tayala la galimoto limadya kuwirikiza kakhumi. Kompuresa ya pamalo opopera matayala ingaphulitse msoko m'kanthawi kochepa. Pamafunika pampu ya boti ndi geji yake. Boti lopopedwa m'mamawa kukuzizira, likakhala padzuwa la Okutobala pa thirela, mpweya umafufuma mpaka misoko kuyamba kulira. Likalowa m'madzi ozizira limafewanso. N'chifukwa chake mavalavu otulutsa okha mpweya ukachuluka ndi chinthu choyamba chomwe mwini boti kuno ayenera kuikitsa, pamodzi ndi chinsalu chofundika.

Chomwe ambiri sachiganizira ndi kukwera kwa dziko. Kitwe ndi Ndola ali pamtunda wa mamita oposa 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere. Mpweya wa kuno ndi wopepuka, sukanikiza machubu kuchokera kunja monga umachitira ku Durban. Boti lopopedwa mokwanira ku gombe, likakwera lole kudzera ku Kazungula kapena ku Chirundu, limafika kuno mpweya wa m'kati utawonjezeka ndi theka kapena kuposa, dzuwa la panjira tisanaliwerengere. Ponyamula, machubu aziphwetsedwa ndithu.

Injini ikakwera kumtunda

Kupepuka kwa mpweyaku kumakhudzanso injini. Injini ya petulo imataya pafupifupi magawo atatu pa 100 alionse a mphamvu yake pa mamita 300 alionse omwe yakwera. Ku Ndola ndiye kuti yataya magawo 12 kapena kuposerapo. Injini yolembedwa mahosipawa 40 imagwira ntchito ya mahosipawa 35 basi. Boti lomwe ku Richards Bay linkanyamuka n'kuyamba kutsetsereka pamwamba pa madzi lili ndi anthu asanu, pa damu la Mindolo limatha kungolima madzi mphuno ili m'mwamba.

Ena akaona zimenezi amathamangira kugula injini yaikulu. Koma kumbuyo kwa boti lililonse kuli kachitsulo kolembedwa malire a mphamvu ndi kulemera kwa injini, komanso chiwerengero cha anthu. Kupyola malirewo n'kuthyola thabwa lonyamula injini, lomwe amisiri amati transom. Mankhwala enieni nthawi zambiri ndi pulopela. Pulopela iliyonse ili ndi manambala awiri: loyamba ndi kukula kwake, lachiwiri ndi mtunda womwe imayenera kusuntha ikazungulira kamodzi, m'mainchesi. Kutsitsa nambala yachiwiriyi kuli ngati kuika giya yopepuka pa njinga ya makala ikafika pachitunda: liwiro limachepa pang'ono, koma katundu amakwera. Inchi imodzi imasintha kuzungulira kwa injini ndi 150 mpaka 200 pa mphindi. Mainjini ambiri amakono amafuna kuzungulira pakati pa 5,000 ndi 6,000 pa mphindi akatsegulidwa moto wonse, ndipo buku la injini limanena malire enieni. Choncho geji yoonetsa kuzungulira kwa injini ndi yaphindu kuposa yoonetsa liwiro.

Pa Kafue, pulopela ya aluminiyamu ndi yanzeru kuposa ya chitsulo chosachita dzimbiri. Ikagunda mwala imapindika kapena kubenthuka, n'kupulumutsa magiya omwe ndi okwera mtengo kwambiri. Ina yapadera izikhala m'boti nthawi zonse, pamodzi ndi sipanala yake, nati ndi kapini.

Kutalika kwa mwendo wa injini kuyenera kugwirizana ndi transom: waufupi ndi wa mainchesi 15, wautali ndi wa mainchesi 20. Chipsepse chomwe chili pamwamba pa pulopela chizilingana ndi msana wa pansi pa boti. Injini ikatsika kwambiri imakoka madzi ndi kugunda zitsa, ikakwera kwambiri pulopela imameza mpweya pokhota.

Pa kusankha pakati pa injini yosakaniza petulo ndi oyilo ndi ija ya oyilo wapadera, nkhani yagona pa yemwe adzaikonze. Mainjini osakaniza, monga Yamaha Enduro omwe ali ponseponse kuyambira ku Mpulungu mpaka ku Monkey Bay, ndi opepuka, ndipo makaniko wodziwa kabuleta amawatha. Ambiri amafuna muyeso wa 50 kwa 1, kutanthauza mamililita 100 a oyilo pa malita 5 a petulo. Koma amamwa: ya mahosipawa 40 imatha malita oposa 15 pa ola ikatsegulidwa moto wonse, ndipo utsi ndi oyilo wake zimatsalira m'madzi omwe mzinda ukumwa. Mainjini amakono a kompyuta amadzisinthira okha muyeso wa mafuta akafika kumtunda, samwa kwambiri, salira mokweza, koma akadwala amafuna makina owayezera ndi zipangizo zoitanitsa kutali. Mulimonsemo, sefa yolekanitsa madzi ndi petulo iikidwe pakati pa thanki ndi injini, chifukwa mafuta a m'zigubu sakhala oyera nthawi zonse.

Woyendetsa azikhala akucheukira kamtsinje ka madzi komwe injini imalavula kumbuyo. Kakasiya, ndiye kuti namasupuni kapena pepala la pulasitiki latseka polowera madzi oziziritsa, kapena mchenga wadya kapampu ka labala ka m'mwendo. Ulusi wa ukonde nawo ukazengerera kuseri kwa pulopela umadula labala wotchinga oyilo, madzi n'kulowa m'magiya. Chizindikiro chake ndi oyilo wotuluka atayera.

Chilichonse chili ndi pokhala

M'boti la mamita 5 malo ndi ochepa, ndipo chilichonse chowonjezera chimalanda malo a munthu. Apa ndi pomwe mwini ayenera kudzifunsa moona kuti botilo ndi la ntchito yanji.

La ozimitsa moto, apolisi kapena gulu lopulumutsa anthu limafuna pakati poyera, poti munthu angagonekedwe chotambalala. Konsolo, lomwe ndi bokosi lokhala ndi chiwongolero, ikhale yaing'ono, ndipo mpando ukhale uja wokhala chotang'adza, chifukwa woyendetsa amagwira ndi mawondo manja ali pantchito. Kunja kwa machubu kuzungulire chingwe cholendewera pang'ono choti munthu ali m'madzi agwire. Pafunikanso thumba la chingwe choponya, mpeni, nyali yamphamvu yofufuzira usiku ndi chotchingira pulopela kuti isatemere amene akupulumutsidwa.

La akatswiri oyeza madzi, kaya a kampani za madzi, a bungwe loona zachilengedwe la ZEMA kapena a m'migodi, limafuna malo omangirirapo mabokosi a mabotolo, kamkono kotsitsira zida m'madzi, ndi denga la nsalu, popeza iwo amaima malo amodzi nthawi yaitali padzuwa. La banja ndi owedza limafuna mipando yokhala ndi mosungira katundu pansi, zoikamo ndodo zowedzera, ndi nsalu yachiwiri yomatidwa pamwamba pa machubu pomwe mbedza ndi minga ya nsomba zimagwera.

Lamulo lomwe silisintha ndi la kulemera. Kumbuyo kuli kale injini. Mukawonjezerako thanki, batire ndi anthu awiri, mphuno imadzuka, woyendetsa osaonanso kutsogolo. Thanki ya malita 25 ikadzaza imalemera makilogalamu oposa 20, batire nalonso chimodzimodzi. Zinthu zolemera zikhale pansi, pakati, ndipo zimangidwe. Amisiri osamala sabowola msanga. Amayamba aika konsolo ndi thanki mongoyerekeza, kuzimanga ndi malamba, kulowa m'madzi ndi matumba a mchenga m'malo mwa anthu, n'kumasuntha pang'onopang'ono mpaka boti litakhazikika. Akatero m'pomwe amatenga chobowolera. Bowo lililonse amalitseka ndi mankhwala omatira a m'madzi, chifukwa m'kati mwa pansi pa maboti ambiri ndi mwa transom muli thabwa, ndipo madzi akalowamo limaola mwakachetechete.

Luso lilipo kale m'tauni

Apa ndi pomwe Copperbelt ili ndi mwayi womwe madera ena alibe. Zaka pafupifupi 100 za migodi zasiya amisiri ochuluka. M'dera la mafakitale ku Kitwe ndi ku Ndola muli owotcherera zitsulo zosachita dzimbiri, osula zitsulo pa makina, amagetsi a galimoto, osoka matenti ndi mipando, ndi ena omwe ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku ndi kumata labala m'mapaipi ndi kulumikiza malamba onyamula miyala. Munthu amene amawotcherera mapaipi odutsamo asidi sangalephere kupinda chimango cha nyali kapena cha denga la boti. Palibe chifukwa choitanitsira zonse ku Johannesburg.

Chofunika n'kuwauza zomwe madzi amachita. Chimango chikhale cha mapaipi opepuka, osati olemera a mumgodi, chifukwa kulemera kwa pamwamba kumapendeketsa boti. Chikhalenso chopindika kapena chochotseka, kuti boti lizitha kudutsa pansi pa nthambi ndi milatho yaifupi madzi akakwera. Bawuti yachitsulo chosachita dzimbiri ikakhudzana ndi aluminiyamu pamalo onyowa, aluminiyamuyo amadyeka, choncho pakati pake pafunika kapulasitiki kapena mankhwala olekanitsa. Womata malamba a mumgodi ali ndi dzanja labwino, koma apatsidwe guluu wa boti.

Pa mwendo wa injini pamakhala tizitsulo tomwe ntchito yake ndi kudyeka m'malo mwa injiniyo. Maboti ochokera kunyanja yamchere amabwera ndi ta zinki, tomwe m'madzi opanda mchere timachita chikhungwa n'kusiya kugwira ntchito. Kuno pafunika ta magineziyamu kapena ta aluminiyamu. Ndipo boti likagwira ntchito m'madzi okhudzidwa ndi zotuluka m'migodi, monga zinachitikira mu 2025 kapena mu Novembala 2006 pomwe zinyalala za Konkola Copper Mines zinaipitsa Kafue ku Chingola, injini, machubu ndi thirela zitsukidwe ndi madzi abwino tsiku lomwelo.

Za magetsi n'zosavuta koma sizifuna chidule. Batire likhale m'bokosi lomangidwa, ndi switchi yozimitsira zonse, ndi fyuzi pafupi nalo. Mawaya akhale ofewa a tinsinga tambiri, olumikizidwa ndi zomangira zotsekedwa bwino, osati kupotokola ndi kukulunga tepi. Batire ndi thanki ya petulo zisakhale m'chipinda chimodzi chotsekeka.

Ngozi zambiri zili pamsewu

Boti la ku Copperbelt limayenda mtunda wautali pa matayala kuposa pamadzi. Kuchoka ku Kitwe kupita ku Ndola ndi makilomita pafupifupi 60, ndipo wofuna madzi aakulu amalikoka tsiku lathunthu kupita ku Samfya, ku Itezhi-Tezhi kapena ku Siavonga. Thirela iyenera kunyamula chigoba, osati machubu. Boti limangidwe kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo mwendo wa injini uchirikizidwe kuti mabampu ndi maenje asamagwedeze transom. Mabering'i a matayala akatentha ndi ulendo n'kumizidwa m'madzi nthawi yomweyo, amayamwa madzi. Kudikira pang'ono kuti azizire, ndi kupaka girizi pafupipafupi, kumapulumutsa ulendo. Thirela nayo imalembetsedwa ku bungwe la RTSA ndipo imafuna nyali zake.

Pochoka pa damu lina kupita pa lina, udzu wonse womata pa thirela ndi pa injini uchotsedwe. Kachidutswa ka namasupuni n'kokwanira kuyambitsa vuto pomwe panalibe. Kunyumba, boti lisungidwe pamthunzi, kutali ndi matumba a chimanga, chifukwa makoswe amatafuna machubu. Injini ikhale ndi loko, popeza akuba amadziwa mtengo wake.

Zomwe sitolo sigulitsa

Maboti a m'Zambia amayendera lamulo la Inland Waters Shipping Act, ndipo nthambi ya boma yoona za maulendo a pamadzi, yomwe ili pansi pa unduna wa zamtengatenga, ndi yomwe imalembetsa ndi kuyendera zombo. Owedza akumbukirenso kuti kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale boma limatseka usodzi m'madzi ambiri a dzikoli kuti nsomba ziswane.

Kumapeto kwa Malichi 2023, boti lonyamula anthu a mpingo wa Seventh-day Adventist linatembenuzika pa nyanja ya Bangweulu, ndipo anthu 14 anamwalira. Silinali boti la machubu, koma phunziro lake likukhudza chombo chilichonse: chiwerengero cha anthu chili ndi malire, ndipo jekete yoyandamitsa imathandiza yekhayo amene waivala. Jekete zikhale zokwanira aliyense, za ana zikhale za msinkhu wawo. Pakhalenso nkhafi ziwiri, nangula ndi chingwe chake, chotungira madzi, chozimira moto, pampu, zigamba, ndi foni yosungidwa m'thumba losalowa madzi. Mafuta awerengedwe patatu: gawo lopitira, gawo lobwerera, gawo lotsala.

Kachingwe kofiira kozimitsira injini n'kotsika mtengo kuposa china chilichonse m'botimo, koma ndi komwe kamasiyidwa kakulendewera. Kamayenera kumangidwa pa mwendo wa woyendetsa. Akagwera m'madzi, kamasolola switchi ndipo injini imazima. Popanda iko, boti limapitiriza lokha, n'kuyamba kuzungulira pomwe munthuyo wagwera, pulopela ikutema madzi.

Ng'ona zilimo mu Kafue, ndipo kumunsi kuli mvuu. Palibe chitsulo chomwe mmisiri angawotcherere choletsa mvuu yokhala ndi mwana. Chothandiza ndi kufunsa asodzi a pamalopo, kupewa kuyenda chisisira, ndi kusakhala pa chubu miyendo ili m'madzi. Asodzi omwewo ndi eni mtsinje. Funde la boti lothamanga limatha kudzaza bwato lawo, ndipo pulopela imadula ukonde womwe banja lonse limadalira. Woyendetsa wamakhalidwe amatsitsa moto akadali patali, n'kupereka moni.

Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Makhonsolo a Kitwe ndi Ndola, kampani za madzi za Nkana ndi Kafubu, migodi ndi makalabu a maboti angachite bwino kudziwana: ndani ali ndi boti, lili kuti, kiyi amasunga ndani, ndani amatha kuliyendetsa usiku madzi atasefukira. Boti lokhala m'shedi chaka chonse machubu ataphwa, kabuleta itauma ndi petulo wakale, silingapulumutse munthu ngakhale litagulidwa ndi ndalama zochuluka bwanji. Mvula ku Copperbelt imayamba mu Novembala. Zigamba zimatidwe mu Julayi, pulopela iyesedwe mu Ogasiti, ndipo pofika Okutobala oyendetsa akhale atayeserera kale kukoka mnzawo m'madzi pa damu la Mindolo kapena la Kafubu, masana, pomwe kulakwitsa kulibe mtengo.